Nkhuku Imene Anadya Amalume Anu a Lazalo

Sendelani kuno, inu ana, nshawa izi sizidziswa zokha. Iwe Tionenji, mkazi mnzanga, ika kafoni ako pansi, zala zimenezo zilaweko nchito ina. Akuti boma lakulemba, akuti mwezi wa mawa uzikavala zoyela ku chipatala ku Nyimba. Ndinaimba dzulo mpaka nkhuku zinathawa pabwalo, ndipo ndidzaimbanso tsiku lonyamuka. Ine ambuya anu ndinabadwa ndi nyimbo m'kamwa. Pensulo inandikana, sukulu ndinapondako dzinja limodzi chabe, mtsinje utadzala ndinatsala tsidya lino mpaka lelo. Koma nthungululu, eee, nthungululu ndinapatsidwa yokwana mudzi wonse.

Koma lelo si tsiku la nyimbo. Wandifunsa chifukwa chake amalume ako a Lazalo saponda pano akamva kuti mlongo wako Penjani alipo. Amai ako akuti zimenezo ndi za akulu. Ine ndikuti wakula, ndipo khola la boma limene ukulowa ndi lomwelo linawapweteka awiliwo, ndiye imva. Nanunso ang'onoang'ono mvelani, makoko uku, nshawa uku, osati zonse m'kamwa.

Nkhani yake ndi ya ukwati wa Penjani. Kwathu kuno mnyamata sadzifunsila yekha mkazi. Wopita kukagogoda kwa makolo a mtsikana, wokhala nkhoswe, wodzaitanidwa mbale zikayamba kusweka m'nyumba, ndi mlongo wa amai ake. Penjani malume anali naye mmodzi yekha, Lazalo, mwana wanga woyamba. Ndipo Lazalo anakana. Koma ndiyambile kutali, pakuti kukana kumeneko kunabzalidwa Penjani asanabadwe.

Lazalo analowa ya boma ali mnyamata, miyendo ngati nsungwi. Anamulemba ulangizi wa zaulimi, namutumiza ku Luembe. Inu mukamva Luembe mumaganiza za mthuthuthu, vuu, mwafika, fumbi lili m'mutu. Masiku amenewo unali kukwela lole pa Petauke, pamwamba pa matumba a mchele, n'kutsika pa Nyimba matako atafa. Pamenepo ugule nthochi, zija zazifupi zonenepa zopsela pamtengo, umange m'chitenje, uyambe wapansi kulowa m'mapili. Ndinapitako kukamuona mwana wanga, nditasenza ufa wa mapila wopela pamphelo ndi maondo awa, chifukwa chigayo chinali chimodzi dela lonse, ndipo kufa chinali kufa kawilikawili kuposa kugaya. Mphelo simuidziwa inu. Mwala waukulu pansi, mwala waung'ono m'manja, msana pamwamba. Mukuseka? Mukanapela tsiku limodzi, misomali yofiila iyo ikanatsala pamwala.

Akashembe, nchenche zija za m'thengo, anandiluma khosi lonse m'njila. Ndinafika ndikuimba ndithu, anthu a kumeneko anayesa kwabwela wamisala.

Boma linamupatsa njinga yakuda, yolemela ngati mwana wa ng'ombe. Pa mchenga ankaikankha, pa mtsinje ankaisenza pamutu, pa phili ankainyengelela. Kukacha ali pa njinga, dzuwa likapendeka ali pa njinga. Anthu kumeneko anali kumwaza mbeu ngati akudyetsa nkhunda, iye anabwela ndi chingwe nawaphunzitsa mizele. Anawaphunzitsa kupopela thonje, kusamala nkhokwe kuti anankafumbwe asamalize chimanga. Njovu zikadya munda wake wa chionetselo, ankabzalanso. Zikadyanso, ankabzalanso. Mkazi wake, amake Esnati, ankati iwo anakwatiwa ndi matayala, mwamuna amangomuona akupopa.

Tsono mudzi wina chapafupi kunali mlangizi mnzake, aSakala, munthu wa imvi. Njinga yao inamela dzimbili, nkhuku zinali kuikila pansi pake. Minda imene ankaidziwa bwino inali ya amai ophika mowa, ndipo ngakhale imeneyo ankaionela pakhonde. Sindikuwanena, anagona kale, anali munthu wa nthabwala zokoma. Koma mwezi ukatha aSakala anali kulandila zambili kuposa Lazalo, chifukwa masiku amenewo malipilo anali kukwela ndi zaka. Chaka chikatha, aliyense sitepe imodzi. Wothamanga sitepe imodzi, wogona sitepe imodzi. Mpando waukulu ukatsala wopanda munthu, ankangoyang'ana amene analowa kale kuposa anzake, basi, khalani bambo.

Lazalo ankabwela kuno mtima ukuwawa. Ankati boma ndi lakhungu, limawelenga makwinya osati thukuta. Ine sindinaone chachilendo. Si mmene timakhalila? Madzi osamba m'manja amayambila kwa wamkulu. Mutu wa mbuzi sapatsa mnyamata, ngakhale akhale iye amene anaithamangitsa. Ndinali kumuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, zaka sizidumpha munthu, nawenso udzakhala aSakala a ena. Ndinamupekela ndi kanyimbo ka pamtondo:

Dikila Lazalo, dikila,
mango a pamwamba adzagwa okha,
dikila Lazalo, dikila.

Anadikila mwana wanga. Anadikila njinga yoyamba inatha, yachiwili inatha, ndevu zinayamba kuchita phulusa.

Pakati pamenepo ndi pamene tinaika Tisauke, mlongo wake, mkulu wa amai anu. Inali nyengo ija ya malilo osatha, pamene makasu a kumanda sanali kuuma dothi. Anasiya kamwana kamodzi, Penjani, kamimba tumbi, kosalankhula. Bambo ake anali atatsogola kale. Lazalo sanadikile kuti abale akhale pansi. Anakanyamula pa kaliyala, ulendo wa ku Luembe. Kanakulila kumeneko pamodzi ndi Esnati, mbale imodzi, mphasa imodzi. Ka mutu wakuthwa kameneko. Sukulu ya kumeneko itatha anakatumiza ku Petauke, ya ku Petauke itatha anakatumiza kutali, ku sukulu ya zaulimi. Mbuzi za Lazalo zinatha m'khola imodzi imodzi, zonse zinapita m'mutu mwa Penjani. Amake Esnati chitenje chinang'ambika pamsana, sanadandaule pagulu.

Penjani atamaliza, nayenso boma linamulemba, ulangizi womwewo. Tsiku limenelo ndinavina chitelele mpaka mwendo uwu unatupa. Ana awili m'boma, ine wosadziwa kulemba dzina. Ndinayenda msika wonse wa Petauke ndikuuza ngakhale ogulitsa makala.

Kenaka mphepo inatembenuka. Akulu a ku Lusaka anati zaka sizilima munda. Anati sitepe isamagwe yokha ngati mvula, izipita kwa amene nchito yake yaoneka chaka chimenecho, ndipo mkulu wa alangizi ndiye aziyang'ana ndi kunena kuti uyu wagwila, uyu wagona. Lazalo atamva anaseka. Anati izi ndi zimene ankalilila ali mnyamata, zangochedwa m'njila ngati lole ya mchele. Koma kuseka kwake sindinakukonde. Maondo anali atayamba kulila akakwela phili. Maso anali atayamba chifunga. Nchito nayonso inali itasintha nkhope. Tsopano akuti alimi onse alembedwe m'foni, maina ao ndi minda yao, ndipo ku Luembe kuti mau a foni apite, ukwele pamwamba pa phili, uimike mkono ngati ukupempha mvula. Zala zozolowela chingwe ndi khasu zinali kuponda zilembo ziwili nthawi imodzi.

Mkulu wa alangizi wa dela lao atapuma, aliyense anadziwa kuti mpando ndi wa Lazalo, pakuti panalibe wina wolowa kale kuposa iye. Amake Esnati anali atayamba kale kuyenda mwa ukulu. Mpando unapita kwa Penjani. Anati ali ndi mapepala a sukulu, ali ndi changu, minda ya kumene anali inasintha.

Mukuganiza kuti ndi pamenepo panasweka? Iai. Lazalo anameza. Anati ngati wondidumpha ndi magazi anga, sindinadumphidwe. Anagula mbuzi, m'khola munalibe, napha, naitana anthu. Ndipo tonse, ndikuti tonse, ine, amai anu, amake Esnati, ngakhale akulu a mpingo, tinaganiza chimodzimodzi. Wogawa ndiwo ndi mwana wathu, ndani adye nsima yopanda ndiwo? Palibe amene ananena mokweza. Zinali zodziwikilatu ngati kuti Mulungu ali kumwamba.

Nyengo yonena maina itafika, Penjani ananena mai Mulenga. Ameneyu anali mlangizi wochokela ku mpoto, Mbemba, achimbuya athu odya anyani, aja timanyozana nao mwa nthabwala. Ankabwela pano n'kumanditcha ambuya a mbewa, n'kufunsa ngati ndamusungila mchila. Ndinkamukonda, ndisaname. Ndipo anali kugwila nchito mtsikana ameneyo. Mthuthuthu ankauyendetsa yekha, siketi atamanga ndi chitenje. Anasonkhanitsa azimai, anakumba nao madimba, mudzi umene unali kugula lepu pa Nyimba unayamba kugulitsa. Sitepe inapita kwa iye.

Lazalo sanamve kwa Penjani. Anamva pakhonde la ofesi ku boma, kwa anzake, ena akumumvela chisoni, ena akuyang'ana pansi kubisa mano. Anakwela basi, natsika pa Nyimba, nalowa m'mapili ake.

Mwezi womwewo Penjani anaona mtsikana, Malita, wa ku Nyalugwe, mlamu wanu uja wa mpata m'mano. Anatuma amai anu kukauza amalume kuti nthawi yakwana, akagogode. Amai anu anabwela nkhope itagwa, ndi yankho ili:

"Kauzeni abwana kuti mlangizi wogona sangakwanitse ulendo wa ku Nyalugwe. Atume mai Mulenga, ali ndi mthuthuthu."

Tinayesa kutuma ena. Anapita mkulu wa mpingo, anapita msuweni wa malemu ambuya anu aamuna. Makolo a Malita anawapatsa mipando, anawapatsa munkhoyo kuti amwe, koma nkhani anakana kuitsegula. Anati mnyamata amene malume ake ali moyo koma safika, ali ndi chimene akubisa. Anati mwana wao sadzakalambila pakhomo podikila mkangano wa eni ake, alipo ena amene akufunsila. Malita anali kulila kwao, Penjani anali kuonda kuno, kolala ya malaya ikuzungulila khosi.

Ndinamuitana Penjani, tinakhala pansi pa mango uyo. Ndinamufunsa ngati waiwala kaliyala imene inamunyamula. Anati sanaiwale ndipo sadzaiwala. Anati akananena dzina la amalume, alangizi onse akanadziwa kuti wanena magazi, ndipo kuyambila tsiku limenelo palibe akanakwelanso phili chifukwa cha mau ake. Ndinamufunsa za zaka za njinga, za njovu, za mitsinje.

"Ambuya, zimenezo a boma safunsa. Amafunsa za chaka chino. Ndilibe poziika."

Abale atakhala pansi anagwilizana kuti pafunika nkhuku. Inu a matauni mumapepesana pa foni ndi tizithunzi ta manja, ndiye ndikuuzeni. Wamng'ono akalakwila wamkulu, amagwila nkhuku yamoyo, napita nayo yekha, nakhala pansi. Wamkulu akaikhudza, iphedwe, iphikidwe, adye mbale imodzi. Ikadyedwa, mlandu wafa. Sudzaudzutsanso, ngakhale utaledzela, ngakhale pa malilo. Ndipo pa nkhuku safunsana mafunso ambili. Kufunsa kuti wapepesa chiyani kwenikweni, ndi kunyoza nkhuku.

Tinapita ku Luembe pa galimoto ya Penjani, ine ndi akulu ena a m'banja. Anaiimika kutali, kuseli kwa mlambe, kuti asafike ngati bwana. Anavula nsapato. Tambala woyela ali m'khwapa, anayenda wapansi mpaka pabwalo la amalume ake, nakhala pa dothi ndi buluku lake la ku ofesi. Lazalo anali pa mpando wa ndalema, chipewa pa bondo. Penjani anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Amalume, ndakupwetekani mtima. Ndine mwana wanu."

Lazalo anamuyang'ana, anayang'ana tambala, anayang'ana mapili. Kenaka anatambasula dzanja nakhudza phiko. Amake Esnati mpeni anali nao kale m'manja, mai ameneyo. Anadya mbale imodzi awiliwo, nthutumba Lazalo anaigawa pakati, chinthu chimene sindinaonepo wamkulu akuchita. Ine nthungululu, ine nyimbo, ana a m'mudzi anadzaza bwalo.

Potipelekeza, amake Esnati anandikokela pambali nandinong'oneza kuti tsopano zakonzeka, wobweletsa nkhuku wavomela kuti analakwa, ndipo wovomela kulakwa amakonza, chaka cha mawa sitepe ndi yao. Titafika pa mlambe, Penjani akuvala nsapato, anandiuza kuti mtima wake wapepuka, amalume amvetsa kuti nchito ndi nchito, chibale ndi chibale. Khutu ili linamva zina, khutu ili linamva zina, nkhuku imodzi yomweyo. Nyimbo inauma m'kamwa.

Ndinamuuza m'galimoto momwemo kuti kwa amalume ake nkhukuyo ndi lonjezo. Anaimitsa galimoto pakati pa njila. Anati iye anapepesa chifukwa amalume anamva nkhani pakhonde kwa anthu ena, ndi chifukwa mtima wao unawawa, koma sanalonjeze kanthu. Anafuna kubwelela kuti akalongosole. Akulu amene tinali nao anamuletsa. Anati chodyedwa sachibweza m'mbale, ukabwelela ndiye kuti wadzutsa mlandu ndi dzanja lako, ndipo Malita umuiwale. Analizanso galimoto.

Lazalo anapita ku Nyalugwe atavala jekete lake la ku tchalitchi. Akuti analankhula ngati uchi, makolo a Malita anachita kufunsa ngati alipo mnyamata wina kwathu woti apatsidwe mng'ono wake. Ukwati anaupangana kuti udzachitike chaka chotsatila, anthu atakolola.

Ndipo chaka chimenecho mwana wanga anadzuka ngati mnyamata. Sanafune kuti Penjani achite manyazi pomunena. Anamanga maondo ndi nsanza, nakwela phili la foni m'mamawa uliwonse. Anagula magalasi a pa msika, aja oyesa powelenga nyuzipepala ya wogulitsa. Anatsegulanso munda wa chionetselo. Ndinamuona pa Khisimasi, mapazi atatupa ngati maungu, akuseka, akuti amama ndabwelela ku unyamata. Koma anyamata enieni analipo. Pamene iye wayendela midzi iwili, iwo azungulila dela lonse n'kubwela kudzasamba. Maina amene iye ankalemba m'foni sabata yathunthu, iwo ankamaliza asanadye.

Iwe Tionenji, wandiyang'ana ngati ukufuna ndinene wolakwa. Ine ndikadwala, ndikagona pa bedi ku chipatala kwanuko, ndifuna nesi wothamanga, osati wa zaka zambili amene amakuyankha ali chogona pa mpando. Mlimi wa ku Luembe nayenso afuna mlangizi wofika kumunda. Pamenepo Penjani sananame. Koma wothamanga wa lelo ndi wotsimphina wa mawa. Ndipo thukuta la munthu limene linagwa kale, dothi linamwa, ndani adzalitola? Ine sindidziwa. Ndinaganiza mpaka mutu unatentha, ndinalephela ngakhale kupeka nyimbo yake.

Chimanga chitauma m'munda, maina anatuluka. Sitepe inapita kwa mnyamata wina wa ku Chipata. Nthawi iyi Penjani anapita yekha kukawauza, sanadikile khonde. Akuti amalume anamvetsela mpaka kumapeto, namufunsa ngati wadya, naitana amake Esnati kuti ampatse madzi mlendo. Chinali chaka chao chomaliza m'boma. Ndipo akuti ya penshoni amayezela pa sitepe imene watulukila, ndiye pamene anaima ndi pamene adzaime mpaka manda.

Lazalo anabwela kuno masana ena, ine ndikupeta mapila. Anakhala pa mtondo wogona uwo. Sanafune mpando, sanafune madzi. Anayang'ana mankhusu akuuluka.

"Amama, maso a nkhono aja ndawaona. Ndi ang'ono."

Ndinaika lichelo pansi.

"Pamene ndinali ndi miyendo anali kulipila zaka. Lelo ndili ndi zaka, akulipila miyendo."

Ndinamuuza kuti aitane abale, anene zonse zili kumtima, Penjani amve, mwina chotupa chiphulike. Anapukusa mutu. Anati nkhuku anadya, anadya pamaso pa anthu, nthutumba anagawa ndi dzanja lake. Akatsegula pakamwa adzakhala mkulu wodzutsa mlandu wakufa, ana adzamuloza. Ndinamufunsa ngati adzabwela ku ukwati, pakuti popanda nkhoswe abusa samanga, ndipo a ku Nyalugwe akanatenga mwana wao n'kubwelela naye. Anaimilila, nakunkhumula fumbi ku buluku, nati dzuwa lapita, basi ya ku Nyimba ingamusiye.

Masabata amenewo sindinaimbe. Anansi anabwela kudzafunsa ngati ndadwala.

Tsiku la ukwati tchalitchi chinadzala ku Petauke. A ku Nyalugwe anabwela pa lole yathunthu, ndi ng'oma zao, ndi mbuzi zao. Malita ali m'galimoto panja, chovala choyela chikumutentha. Abusa atuluka, alowa, atuluka. Malume ake a Malita, nkhoswe ya kuchikazi, anayamba kufunsa mokweza ngati kuchimuna kulibe akulu. Penjani anaima pakhomo, maso ku msewu, thukuta likutsika m'khosi. Amai anu anali atayamba kale kulila.

Ndiye tinamuona akubwela kuchokela ku siteshoni, wapansi, ndodo m'manja, jekete lija la ku tchalitchi. Sanafulumile. Anapeleka moni kwa a ku Nyalugwe mmodzi mmodzi, napepesa kuti basi inafa pa phili. Anachita zonse zimene nkhoswe imachita, osasiya ngakhale chimodzi. Poimilila anaimilila, povomela anavomela, pogwila cholembela anagwila.

Ku madyelelo, nthawi ya malangizo itafika, anamupatsa cholankhulila. Mwambo wake nkhoswe ya kuchimuna imalangiza mnyamata. Iye Penjani sanamuyang'ane. Anatembenukila kwa mkwatibwi.

"Amai, mwana uyu ndinamulela ine. Sanama, saba, sakondela. Mwapeza mwamuna woongoka. Koma ndikuuzeni chimodzi. Zimene mudzamuchitile muli mtsikana, musadzaziwelengele mukadzakalamba. Muzidzuka m'mamawa chaka chilichonse ngati mwangobwela kumene."

Anthu anaseka, anaomba m'manja, azimai a ku Nyalugwe anati koma nkhoswe iyi ili ndi mchele. Anayesa ndi nthabwala za paukwati. Mlandu sanaudzutse, palibe akanamugwila pakamwa. Koma ife a m'nyumba tinazizidwa. Penjani anadzuka pa mpando wa ukwati, maluwa ali pachifuwa, napita kuti akagwade pa mapazi a amalume ake. Lazalo anabwelela m'mbuyo pang'ono, navula chipewa, nachigwila ndi manja awili pamimba, nawelama, monga amachitila munthu wamng'ono pa khomo la ofesi. Mwana wanga wa imvi, kuvulila chipewa kamwana kamene anakapukuta mamina.

Sanadikile chakudya. Anati maondo safuna kukhala nthawi yaitali. Azimai anandikoka kuti ambuya yambitsani chitelele, bwalo lazizila. Ndinayambitsa, pakuti Malita sanalakwe kanthu, ndipo linali tsiku lake. Ndinavina nkhope ili ku msewu, ndikuona jekete likuchepa, likuchepa, mpaka linakhota pa msika.

Ukwati ulipo mpaka lelo, ana awili aja mumawanyamula ndi a mmenemo. Nkhoswe yao ndi Lazalo, dzina lake lili m'buku la tchalitchi, ndipo akaitanidwa adzabwela, ndikumudziwa, adzabwela ndi ndodo yake. Koma sanaitanidwepo. Malita anandiuza yekha kuti m'nyumba mwao akayambana, amatseka chitseko ndi mawindo, n'kumakangana monong'ona, kuopa kuti wa pafupi angamve n'kunena kuti itanani amalume.